Tinkapita Kukaona Nkhope ku Salford

Kuchokera ku Wakefield kukafika ku Salford si ulendo woti munthu n'kukhalira pansi kuusimba. Msewu ukakhala bwino umanyamuka utamwa tiyi n'kukafika njala isanakugwire. Koma ife tinayenda tsiku lathunthu, ndipo tinanyamuka ndi nyumba yathu yomwe n'kukafika titaisiya panjira.

Nyumba ndikunenayi inali kampavani, galimoto yakale yoyera yokhala ndi bedi, kambaula ka gasi ndi kasinki mkati mwake. Ndinaigula kwa mzungu wina wokalamba nditapeza ganyu ya nyengo ya Khirisimasi m'chinyumba chosungiramo katundu kunja kwa Wakefield. Ganyu zoterezi zimayamba masamba akamayoyoka n'kutha anthu akamaliza kubweza mphatso zimene sanazikonde, ndiye palibe mwini nyumba amene angakubwereke chipinda kwa miyezi yochepa choncho osakukama. Ndinadziona wochenjera kwambiri. Ndinaiimika kuseri kwa malo ogulitsira matayala, pafupi ndi mpanda, ndipo pamenepo mpamene chisanu cha dziko lino chinandiphunzitsa ulemu.

Mpweya umene tinkapuma pogona unkakamata padenga, pofika m'mawa wauma gwa, ndipo tikayatsa mbaula unkasungunuka n'kumatidonthera m'khosi. Mabulangete ankanunkha nkhungu. Madzi a m'thanki anaundana nyengo itangoyamba, moti tinkasambira kuntchito, m'sinki ya kuchimbudzi, mwendo umodzi uli m'mwamba ngati kakowa, khutu lili kukhomo kuopa supavayiza. Sokosi zochapa sizinkauma, zinkangosintha fungo.

Ndikuti "tinkasambira" chifukwa sindinali ndekha. Ndinkakhala ndi a Mbewe, bambo a zaka za m'ma fifite ochokera ku Dedza, amene tinkalongedza nawo katundu pamzere umodzi. Chipinda chawo chitagulitsidwa pamodzi ndi nyumba yonse, ndinawauza kuti bedi ndi limodzi koma pansi pali malo. Iwo monga wamkulu anagona pabedi, ine mwini nyumba n'kutsikira pansi, ndipo sindinadandaule. Kumudzi a Mbewe anayendetsa minibasi ya pakati pa Lilongwe ndi Dedza kwa zaka zambiri, ndiye atangolowa anatenga injini ya kampavani ngati mwana wawo. Galimotoyo inali ndi kachizolowezi kodontha pang'ono pansi. Madzulo alionse tisanailize kuti itifunditse, iwo ankatsegula kutsogolo n'kuwonjezera madzi a pampopi mu ladiyeta, monga ankachitira pa depoti.

Tsiku lina ndinawaonetsa botolo la madzi ofiirira m'sitolo, amene azungu amathira m'magalimoto awo.

"Iwe Yona, amenewo ndi madzi opaka utoto oti akudyere ndalama," anatero akuseka. "Injini ndi ng'ombe, imafuna kumwa basi. Ine wa ku Dedza undiuze za kuzizira?"

Ndinabweza botololo pashelefu, ndikuti galu wamkota sakandira pachabe. Tonse awiri sitinkadziwa kuti chisanu cha kuno chimalowa mpaka m'mimba mwa galimoto n'kuumitsa madzi a pampopi ngati mwala, ndipo kuti madzi ofiirira aja ntchito yake ndi kuletsa zimenezo.

Uthenga wa maliro unatipeza tili pa shifiti. Esinati, mlongo wawo wa a Mbewe, amene ankasamalira okalamba ku Salford, anagwa pamalo odikirira basi akuchokera kuntchito ndipo sanadzukenso. Thupi linakhalitsa m'manja mwa aboma amene amafufuza imfa zadzidzidzi, osalola wachibale kuliona. Atalitulutsa, a mpingo ndi Amalawi ena anasonkha kuti likaikidwe kumudzi. Koma okonza maliro anafotokoza kuti bokosi lokwera ndege limakhala ndi chitsulo mkati, amachimata ndi moto, ndipo kumudzi asakalitsegule. Anapereka Lachisanu lokha kuti anthu aone nkhope, mpaka 3 koloko masana, kenako amata.

A Mbewe sakanatha kuperekeza maliro. Mapepala amene amawalola kukhala kuno ndi omwewonso amawaletsa kuponda kwawo. Mayi awo, gogo wosaona bwino, analankhula nawo pa foni ya mdzukulu, ndipo ine ndinamva zonse chifukwa mu kampavani mulibe kobisalira.

"Akuti sitidzamuona," anatero gogoyo. "Ndiye iwe ndiwe maso athu tonse. Upite ukamuone mwana wanga, ukandiuze mmene wagonera. Ndisakwirire bokosi losadziwa mwini wake."

Supavayiza anatipatsa tsiku limodzi lokhalo, n'kutikumbutsa kuti sabata imeneyo wojomba asabwerenso. Tinkafuna kukwera sitima, koma Lachisanu kunacha sinoo, chipale chofewa chogwa ngati mvula, ali mbuu, ndipo foni inati sitima zonse zodutsa m'mapiri a pakati pa Yorkshire ndi Manchester zaimitsidwa. Panatsala nyumba yathu. A Mbewe anasita suti yawo ndi poto wa madzi otentha, n'kuivala mkati mwa jekete la kuntchito lachikasu. Tinamanga makapu ndi mbale m'thumba kuti zisasweke, tinakankha chitseko chimene chinali chitamatirira, ndipo injini inalira itatsokomola kangapo. Ndinkayendetsa ine, poti iwo analibe laisensi ya kuno.

Chinthu choyamba chimene ndinaona n'chakuti hita inkatulutsa mphepo yozizira. Tinalowa mumsewu waukulu wa M62 tikupukuta galasi ndi chipewa, ndipo tisanafike ku Brighouse kamuvi ka kutentha kwa injini kanali katagona pofiira.

"Ndi ludzu limenelo," anatero a Mbewe. "Khota pamalo opumirapo apo."

Tinaima pakati pa malole. Iwo anakulunga dzanja m'chiguduli, anatsegula chitsekerero cha ladiyeta nkhope atayang'ana kumbali, nthunzi n'kutuluka ngati pa mowa wa masese. Anathira madzi a m'chigubu chathu, koma madziwo anangodzaza pakamwa n'kusefukira. Anagwira paipi ya pamwamba, yotentha. Anagwira ya pansi, yolimba ngati mtengo. Ndinawaona akukwinya nkhope, ndipo aka kanali koyamba kuwaona injini ikuwayankhula chilankhulo chimene sakuchimva. Tinawiritsa madzi pa kambaula kathu n'kumathira kunja kwa ladiyeta, poto ndi poto, madalaivala a malole akutiyang'ana m'mawindo mwawo. Kenako china chake chinachita phokoso mkatimo, madzi n'kutsika. Tinati tapambana.

Foni inalira. Anali mayi Zulu, a ku Zambia, mnzake wa malemu wa kumpingo, amene ankayendetsa zonse ku Salford.

"Mwafika kuti manje, a Mbewe? Anthu ayamba kale kulowa."

"Tili panjira, mayi. Nthawi ilipo yambiri."

Inalipodi yambiri, ndipo mwina n'chifukwa chake tsoka linatenga nthawi yake. Titadutsa Huddersfield msewu umayamba kukwera, nyumba zimatha, n'kutsala thengo lopanda mtengo ndi nkhosa zakuda kumaso. Pamenepo magalimoto onse anaima. Kutsogolo chilole chinali chitaterereka n'kupingasa msewu. Poyamba tinkasuntha pang'onopang'ono, kenako zii. Kamuvi kanayambanso kukwera, ndiye ndinazimitsa injini, ndipo kuzizira kunalowa ngati kunali kudikira pakhomo. Tinafunda mabulangete athu onunkha aja titakhala kutsogolo, suti ya a Mbewe ikukwinyikanso.

Pambali pathu panali takisi. Woyendetsa, bambo wa ndevu zoyera wa ku Pakistan, anatsika n'kutigogodera pagalasi, atanyamula fulasiki. Anatithirira tiyi wa zonunkhira m'makapu athu osafunsa zambiri. Ataona tayi yakuda pakhosi pa a Mbewe anafunsa ngati ndi maliro, ndipo atamva kuti ndi mlongo wawo anagwira pamtima, n'kutisiyira fulasiki yonse. Sindinamudziwe dzina, ndipo fulasikiyo sitinathe kumubwezera.

Kudikira kumatsegula pakamwa. A Mbewe anayamba kundiuza za Esinati, maso ali pa galimoto ya kutsogolo. Anati kuyambira pamene analowa mu kampavani, mlongo wawoyo ankawavutitsa kuti abwere adzaone kumene akukhala, awaphikire, awachapire makatani.

"Makatani, Yona. Ndimuuze kuti makatani ake ndi makatoni a kuntchito? Ndinkangoti sabata yamawa, sabata yamawa, kuntchito kwachuluka. Akanaona muno akanalira, n'kundikakamiza kukagona pa mpando m'kachipinda kake. Mwamuna wamkulu kukagona kumapazi kwa mlongo wake? Ndinati ganyu ithe kaye, ndipeze chipinda, ndimuitane ngati munthu."

Anali asanamuone kuyambira masamba asanagwe. Ndinawathirira tiyi wina, ndipo anangomufumbata osamwa.

Msewu unatseguka dzuwa, ngati linaliko, litapendeka kale. Ndinaliza injini ndipo tinakwera gawo lotsala la phirilo, ine ndikuyang'ana kamuvi kuposa msewu. A Mbewe ankati ndisaope, tikangopitirira pamwamba n'kutsetsereka kokhakokha, injini ipuma yokha. Pamwamba tinafikadi. Titangoyamba kutsika panamveka kuphulika pansi pa mapazi athu, utsi woyera unaphimba galasi, ndipo mphamvu yonse inachoka ngati munthu wakomoka. Ndinaikokera m'mphepete ikuyenda yokha mpaka inaima.

Malamulo a kuno amati galimoto ikafa pamsewu waukulu mutuluke mukaime kuseri kwa chitsulo cha m'mphepete. Tinaima pamenepo, sinoo akutifika m'maondo, mphepo ikutimenya mbama. A Mbewe anali ndi nsapato za suti zokha. Oyang'anira msewu anabwera ndi magetsi awo, anatifunditsa mapepala onyezimira ngati okulungira nyama yootcha, n'kuitana galimoto yokoka. Anati ngozi zachuluka lero, tidikire. Kudikira kumeneko sindikufuna kukukumbukira. Zala zanga zinasiya kupweteka, ndipo ndinadziwa kuti zimenezo si zabwino.

Mayi Zulu anaimbanso. Mawu awo anali atasintha.

"A Mbewe, ndamuchonderera mzungu wokonza maliro uyu, akuti awonjezerako pang'ono chabe, galimoto yopita ku eyapoti ili kale panja. Manje mverani. Niyatse vidiyo, nimuonetse pa foni, mumuone apa pomwe. Bola mwamuona."

Ine ndinagwedeza mutu kuti avomere. Iwo anayang'ana foniyo, galasi lake losweka pakona, madontho a sinoo akugwerapo.

"Ayi mayi, zikomo. Amayi anati ndikamuone, sanati ndikaonere kanema. Mlongo wanga sindingamutsanzike ndili m'mbali mwa msewu ngati ndikugula mbatata. Tifika. Auzeni kuti tifika."

Ndinawauza kuti aganize bwino. Anandiyang'ana ndi diso loti ndine mwana.

Wokoka galimoto anali mnyamata wamkulu thupi, wa ndolo kukhutu, wosachedwa ndi moni. Anatsegula kutsogolo, anaunika ndi tochi, anapisa chala penapake n'kutulutsa zinthu zoyera zonga phala. Anatifunsa ngati takhala tikuthira madzi a pampopi. Ndinati inde. Anapukusa mutu, n'kutifotokozera pang'onopang'ono ngati ana a sukulu kuti madziwo anaundana m'kati, anatseka njira, injini inapsa pamwamba pomwe pansi pali madzi oundana, ndipo tsopano yang'ambika. Anati kuikonza kungadule kuposa galimoto yonse, bola kuigulitsa kwa a zitsulo.

Sindibisa, mtima unandiwira. Nyumba yanga, bedi langa, zonse zimene ndinavutikira zinathera m'mawu amenewo.

"Mwamva?" ndinatero. "Mwamva, a dalaivala a ku Dedza? Ng'ombe yanu ija yamwa mpaka kuphulika. Lero tigona kuti?"

Chingerezi cha mnyamatayo a Mbewe anachimva okha, panalibe chowamasulira. Anangoima atagwira chigubu cha madzi chija, chimene anatsika nacho mosadziwa, kenako anachiika pansi pang'onopang'ono. Nkhope yawo inandichititsa manyazi kuposa mmene mawu alionse akanachitira. Ine ndinkalira galimoto, iwo ankayang'ana nthawi.

Mnyamata uja atamva za maliro anasiya kupukusa mutu. Anakweza kampavani mofulumira, anatilowetsa kutsogolo kwa galimoto yake kumene kunali kofunda mpaka makutu kuyabwa, ndipo anati sangatifikitse ku Salford chifukwa ena akumudikira pamsewu, koma atitsitsa ku Milnrow, pafupi ndi pokwerera tiramu. Ndinakwera mu kampavani komaliza kukatenga mapepala anga ndi chikwama chimodzi. Makapu anali atasweka ndithu m'thumba muja. Ndinatseka chitseko ndi kiyi, sindikudziwa kuti ndinkaopa wakuba uti.

Tiramu ndi sitima yaing'ono yoyenda m'misewu ya mumzinda, ndipo ilibe chifundo ndi munthu wofulumira. Imaima paliponse, imatsegula zitseko ngakhale palibe wokwera, n'kudikira. Tinaima ku Shaw, tinaima ku Oldham kangapo konse. Munali anthu obwera kogula za Khirisimasi, matumba ali mbwee, ndi mayi wina amene galu wake anavala juzi labwino kuposa langa. Palibe anatiyang'ana, kupatula galuyo amene ankanunkhiza mabulangete pa ife. A Mbewe anakana kukhala pansi. Anaima pafupi ndi chitseko, phazi lamanja likuponda pansi mobwerezabwereza ngati pali chopondera moto. Thalauzi la suti linali lonyowa mpaka m'maondo ndipo linkadontha.

3 koloko inakwana tili pakati pa Oldham ndi Manchester. Tonse tinaiona pa kachikwangwani ka magetsi m'tiramumo, ndipo palibe anauza mnzake. Foni sinalire. Iwo anaitulutsa, anaiyang'ana, n'kuibwezera m'thumba. Ndinafuna kunena kuti aimbe apemphe vidiyo ija, koma ndinali nditalankhula kale zokwanira tsiku limenelo.

Ku Manchester tinatsika tikuthamanga, tinalowa takisi yoyamba imene tinaiona, ndipo nayonso inakatsamira m'mzere wa magalimoto pa mlatho wolowera ku Salford. Kuno nyengo imeneyi kumada anthu asanaweruke, moti pofika magetsi a m'misewu anali atayaka. Pakhomo pa okonza maliro panali galimoto yakuda, chitseko chakumbuyo chili chotsegula.

Mkati amayi angapo ankaimba motsitsa mawu, atavala zitenje pamwamba pa majekete. Atationa nyimbo inaduka. Bokosi linali pakati pa chipinda, lotseka, litakulungidwa kale m'nsalu yokhuthala ngati chiguduli, lili ndi zikwangwani za ndege. Mzungu wa suti yakuda anabwera n'kupepesa ndi ulemu wonse. Anati anadikira mmene akanathera, koma katundu wa ndege ali ndi nthawi yake, ndipo chitsulo akamata sachitsegulanso. A Mbewe anamuthokoza. Mpaka lero sindimvetsa kuti mawu othokozawo anawatenga kuti.

Anayenda mpaka pabokosi, nsapato zikulira madzi, anagwada, n'kuika dzanja kumutu kwake. Anakhala choncho nthawi yaitali. Mayi Zulu, mayi wamfupi wa magalasi amene ndinkangomudziwa mawu, anabwera kudzagwada pambali pawo.

"Mayi," anatero a Mbewe osadzutsa mutu, "ndiuzeni. Anagona bwanji?"

"Anagona bwino, a Mbewe. Tinamuveka yunifomu yake ya kumpingo, yoyera, na duku. Tinamuluka tsitsi ife tekha."

"Pamene anagwera paja?"

"Kachilonda kang'ono pachipumi, apa. Anakabisa bwino, sikanali kuoneka kwambiri."

"Anaonda?"

Mayi Zulu anazengereza. "Anaonda. Ma shifiti a usiku aja."

Foni inalira m'thumba la jekete lachikasu. Tonse tinadziwa kuti ndi kumudzi, chifukwa nawonso ankawerenga nthawi. A Mbewe anaitulutsa ndi dzanja lamanzere, lamanja osalichotsa pabokosi. M'chipindamo munali zii moti mawu a gogo uja ankamveka kwa aliyense, ang'onoang'ono, akunjenjemera, nkhuku zikulira kumbuyo kwake.

"Wafika, mwanangu?"

"Ndafika, amayi."

"Wamuona?"

A Mbewe anatseka maso. Mayi Zulu anagwira pakamwa. Ine ndinayang'ana pansi, pamadzi amene anayenderera kuchokera ku thalauzi lawo.

"Ndamuona, amayi."

"Ndi iyedi? Ndi Esinati wanga?"

"Ndi iyeyo. Wavala zoyera za kumpingo, ndi duku. Anzake amuluka tsitsi."

"Sanavulale kumaso?"

"Ayi. Wagona ngati ali m'tulo."

"Wanenepako kumeneko, kapena akumuzunza ndi ntchito?"

"Wanenepa, amayi. Amadya bwino."

Gogoyo anapuma mozama, mpweya wake n'kumveka pa foni. Kenako anafunsa ngati amugwira pachipumi kumutsanzika, kuti asapite ngati wopanda abale. A Mbewe anayang'ana dzanja lawo, lotupa ndi chisanu, lili pansalu yokhuthala ija pafupi ndi chikwangwani cha ndege.

"Ndamugwira, amayi. Dzanja langa likadali pomwepo."

"Wachita bwino, mwanangu. Tsopano ndingathe kumuika."

Mzungu uja anadikira mpaka foni itatsekedwa. Kenako anabwera ndi anzake awiri, n'kupempha a Mbewe mwaulemu kuti asunthe pang'ono, anyamule.